Zimene Amayi Ake Ankachapa

Ndinamudziwa chifukwa cha alamu ya utsi. Linali Loweruka masana, nditangofika kuchokera kushifiti ya m'mawa, ndikufuna kugona, ndiye kachinthu ka kudenga kaja kanayamba kulira. Nyumba yathu ya ku Rathmines, kuno kudziko la azungu, inali yakale, yosanja katatu. Kale munkakhala banja limodzi la anthu olemera, koma landilodi anaidula m'tizipinda tambirimbiri, ndipo aliyense ankaphikira pafupi ndi bedi lake. Alamu ikalira tinkadziwa kuti wina akukazinga, ndipo mwini utsiyo ankaikupiza ndi thaulo mpaka itonthole. Tsiku limenelo palibe anaikupiza.

Ndinakwera mpaka pamwamba penipeni n'kumenya chitseko ndi chibakera. Anatsegula mtsikana wa ku China, wamfupi, tsitsi lofika m'chiuno, supuni ili m'manja. Kumbuyo kwake kunali utsi wa adyo ndi tsabola.

"Sukumva?" ndinatero.

"Chiyani?"

Ndinaloza kudenga. Anaona kanyali kofiira kakuphethira, nkhope yake n'kugwa.

"Pepa. Phokoso limenelo sindimalimva."

"Ngakhale a kumanda akulimva."

"Mawu ako ndikuwamva bwinobwino. Koma zolira mosongoka ayi. Ketulo, mbalame, zimenezo kwa ine kulibe."

Ndinaganiza kuti akunama. Nthawi imeneyo ndinkaganiza kuti aliyense akundinamiza, ndipo nthawi zambiri ndinkalondola. Ndinatenga thaulo lake, n'kukupiza alamuyo mpaka inatonthola, n'kutsika osatsanzika.

Ndinali ndi zaka twente-thuu. Sukulu ya unamwino ndinali nditaisiya m'chaka chachiwiri. Palibe nkhani yaikulu pamenepo: ndinatopa, ndinalephera mayeso awiri, ndinayankha mwano mayi wina wotiyang'anira kuwodi, basi. Amayi anga, amene amagwira ntchito kunyumba yosungira okalamba, anali atauza kale tchalitchi chonse kuti mwana wawo akhala nesi. Nditasiya sanandikalipire. Anangokhala chete, ndipo chete wawoyo ndi amene anandichotsa kunyumba kwawo ku Ballymun. Ndinayamba ntchito yoyenda m'makomo kusambitsa nkhalamba, kuzidyetsa, kuzisintha zovala. Pa wailesi ankati dziko lachira, ntchito zabwerera. M'tauni zitsulo zomangira nyumba zinali mbuu kumwamba, koma chipinda chimodzi chikapezeka cha lendi, mzere wa ofuna kuchiona unkafika kumsewu.

M'mawa mwake ndinapeza mbale pakhomo panga, yovundikira ndi mbale inzake. Munali timitanda ta ufa tokutira nyama, tophika pa nthunzi. Ndinadya nditaimirira. Pobweza mbaleyo tinagwirizana chinthu chimodzi: alamu ikalira, ine ndizimenya paipi ya hita yotenthetsera m'nyumba ndi nsapato, chifukwa kugunda kotero ankakumva. Ubwenzi wathu unayamba choncho, ine kumenya paipi, iye kutsitsa chakudya.

Anali wamkulu kwa ine ndi zaka ziwiri, koma ndinamuuza kuti azinditchula asisi, ndipo anavomera osafunsa tanthauzo. M'mawa ankapita kusukulu ya Chingerezi kuti mapepala ake okhalira m'dziko asathe, masana ankakonza zikhadabo za azimayi m'kasitolo kena m'tauni. Kulikonse ankayenda ndi fulasiki ya madzi otentha. Osati tiyi, madzi basi. Amayi ake ankamutumizira tizipatso tofiira touma toti aziponyamo, amati timawonjezera magazi. Tsitsi lija amayi akewo anamuletsa kudula.

"Chifukwa?" ndinamufunsa tsiku lina litatseka bafa yathu tonse.

"Amati analidikira nthawi yaitali."

Sindinafunse zambiri. Ndinali ndi tsitsi la munthu wina m'manja, ndipo ndinkafuna kusamba.

Chimene chinkanditopetsa ndi masitepe. Tikamabwera kogula zinthu, ankaima pa nsanja iliyonse, dzanja pakhoma, ngati akuwerenga zolembedwa zimene panalibe. Ine ndinkakhala nditafika kale pamwamba ndi majumbo onse.

"Nkhalamba zanga zimakuposa, ukudziwa? Wina ali ndi zaka nainte koma amakwera osapuma."

"Mubweretse adzandinyamule."

"Ulesi basi."

"Inde, asisi."

Mawu amenewo ndimawakumbukira, ndipo sindimawakonda.

Itafika nyengo yozizira, anayamba kugona atatsamira mapilo atatu. Ankati akagona chagada amamva ngati wina wamukhalira pachifuwa. Tsiku lina ndinamupeza akulimbana ndi nsapato, ikukana kulowa. Ndinagwada n'kudina chala pa kakolo wake. Nditachotsa, dzenje linatsala. Ndinayembekeza, dzenje lili pomwepo. Sukulu ndinaisiya, koma chala changa sichinaiwale. Dzenje limenelo ndinkaliona tsiku lililonse pa miyendo ya anthu a zaka eyite, amene mitima yawo yatopa.

"Unapita kwa dokotala?"

Anali atapita. Anamupatsa kopopera m'kamwa ka anthu a mphumu, n'kumuuza kuti mwina ndi chinyezi cha m'nyumba komanso nkhawa. Sindingamunene dokotalayo, makoma athu ankatuluka thukuta, ndipo mtsikana wa zaka twente-folo ndani angamuganizire za mtima? Anamulembetsabe pa mndandanda wokaunika mtima, koma mndandandawo unali wa miyezi yosawerengeka.

Akuweramira nsapato ija, juzi yake inakwera, ndipo ndinaona chipsera. Chinali chachitali, chodutsa pansi pa nthiti kuchokera mbali ina kufika mbali ina, chakale, choyera.

"Ichi n'chiyani?"

"Ndinadwala ndili ndi zaka zitatu. Anachotsa kanthu m'chiwindi. Ndinachira."

"Kanthu kanji?"

"Koipa."

"Dzina lake?"

"Amayi amati zinatha. Kwathu chinthu chotero sutchula. Ukachitchula wachiitana."

"Nanga pa fomu ya dokotala, pofunsa ngati unadwalapo matenda aakulu, unalemba chiyani?"

"Ayi."

Ndinatukwana m'Chichewa. Kenaka ndinamuuza kuti avale masilipasi, tikubwerera kwa dokotala.

Pa tebulo lolandirira odwala, mayi wa pamenepo anandifunsa kuti ndine ndani wake. Ndinayankha osaganiza kuti ndine gadiyani. Anayang'ana ine, n'kuyang'ana mnzangayo, n'kunena kuti wodwalayu ndi wamkulu, safuna gadiyani. Kuno mawuwo ndi a mwana wamasiye ndi makhoti. Kwathu gadiyani ndi munthu amene amagona pansi pa bedi la wodwala, kumuphikira phala kunja kwa wodi, kumutayira mkodzo, kuthamangira nesi dripi ikatha. Ndinalibe mtima wofotokoza zonsezo. Ndinangoti ndikulowa naye, ndipo ndinalowa.

Tsiku limenelo tinapeza dokotala wina, mayi wachitsikana wamaso otopa. Ndinakweza juzi ya mnzangayo ndekha, ngati ndikuonetsa katundu wowonongeka. Dokotala anayang'ana chipseracho nthawi yaitali. Anadina kakolo, anamvetsera chifuwa. Ine ndinawonjezera za alamu ija, monyoza, poti pakamwa panga sipatseka. Iye sanaseke. Anafunsa kuti makutuwo anayamba liti.

"Chiyambire ndili mwana."

Dokotala anakokera mpando pafupi. Analankhula pang'onopang'ono, akumuyang'ana kumaso kuti amve bwino. Anati sangatsimikize, koma mwana wochitidwa opaleshoni ya chiwindi, amene pambuyo pake samva mawu osongoka, nthawi zambiri amakhala kuti anali ndi khansa. Anati mankhwala ena amene amapulumutsa ana otere amawononga makutu, ena amafooketsa mtima mwakachetechete, ndipo zimadzaonekera patapita zaka makumi awiri.

"Ndikufuna kudziwa zimene anakupatsani," anatero. "Zonse, ngati n'kotheka. Makamaka mufunse ngati munali mankhwala ofiira a m'dripi, ndipo kangati. Ndikalemba zimenezo m'kalata, a mtima akuonani msanga. Popanda izo ndilembabe, koma ndikhala ndikulemba zongoganiza."

Aka kanali koyamba mnzangayo kumva mawu akuti khansa akunenedwa za iye. Tinakwera basi. Anagwira fulasiki yake ndi manja awiri osaitsegula. Titatsika anati, "Ndinkadziwa, koma popanda kudziwa." Pa masitepe tsiku limenelo ndinaima naye pa nsanja iliyonse, ndikunamizira kuyang'ana foni.

Chipatala cha kwawo chimene anagonekedwa ali mwana anachiphatikiza ndi china n'kuchimanganso kwina. Analemba makalata awiri, sanayankhidwe. Bambo ake anamwalira ali kusekondale. Wotsala anali mmodzi, amayi ake.

Ndine ndinamukakamiza kuti awafunse mosazungulira. Ndinati za ulemu zisiye, uwu ndi mtima wako. Anaimba m'mawa, kwawo kuli madzulo. Ndinakhala pa bedi ndikumvetsera chilankhulo chimene sindimva. Ndinangomva pamene mawu aja anatuluka, chifukwa mbali inayo kunati zii. Kenaka foni inaduka. Madzulo kunabwera uthenga woti azimwa madzi otentha ndipo asamagone mochedwa. Anayesanso kawiri sabata imeneyo. Amayi ake ankayankha, ankafunsa ngati wadya, koma akangoyandikira nkhani ija ankati kwabwera kasitomala.

"Ndi mayi wanji ameneyo?" ndinakalipa. "Mwana akulephera kupuma, iye akusunga chinsinsi ngati ndi golide."

"Usawanene."

"Ndiwanena. Onse ndi amodzi."

Sankadziwa kuti ndikunena za ndani. Bambo anga anamwalira ku Blantyre ndili ndi zaka sikisi, tisanabwere kuno. Ndinakula ndikudziwa kuti anadwala nthawi yaitali. Mawu ake anali amenewo, kunyumba, kutchalitchi, paliponse: anadwala nthawi yaitali. Dzina la matendawo ndinalimva ndili ndi zaka sikisitini, kwa mayi wina amene analedzera pa ukwati. Ndinapita ndekha kukayezetsa, mwana wasukulu, yunifolomu ili m'thupi, osauza munthu. Anandipeza ndilibe. Sindinawafunse kanthu amayi, iwonso sananene kanthu, ndipo tinakhala choncho zaka zonsezo, mapilitsi awo ali m'kabati kuseri kwa shuga, tonse tikunamizira kuti ndi a magazi othamanga.

Mkati mwa zimenezi tonse a m'nyumbamo tinalandira makalata. Landilodi akugulitsa. Ndinayang'ana zipinda masabata awiri, ndinaima m'mizere, ndinagonja. Lachisanu lina ndinakwera basi ya ku Ballymun kukapempha chipinda changa chakale.

Ndinawapeza akusita yunifolomu. Za chipinda anangoti, "Bedi lako palibe analisuntha." Zinatha mwachangu choncho, ndipo zinandikwiyitsa, chifukwa ndinabwera nditakonzeka kumenyana. Ndiye ndinayamba kuwauza za mnzanga uja. Ndisaname, sindinkafuna malangizo. Ndinkafuna kuwakwapula ndi nkhani ya mayi wina. Ndinafotokoza zonse, dzenje la pa kakolo, chipsera, foni yodulidwa, n'kumaliza ndi kuti, "Amayi ena amalolera mwana afe bola mawu amodzi asatuluke pakamwa pawo."

Anatembenuza malaya, n'kusita kolala.

"Munawafunsa chiyani?"

"Dzina la matenda. Dzina la mankhwala."

"Ndiye munalakwitsa."

"Nanga tikanafunsa chiyani? Za nyengo?"

"Dzina ndi la madokotala. Gadiyani umamufunsa zimene ankachapa."

Ndinati sindikumva. Anaimika simbi.

"Munthu amene anagona pansi pa bedi la mwana wake sangakuuze dzina la chinthu chimene chinkafuna kumulanda. Koma amadziwa mtundu wa chilichonse chimene chinatuluka m'thupi la mwanayo, chifukwa anachichapa ndi manja ake. Lamulungu ndikatuluka Misa yoyamba ndibwera. Umuuze mnzakoyo aimbe ndili pomwepo."

Anabweradi, chitenje atamanga pamwamba pa chikhoti, mandasi ali m'jumbo. Anakwera masitepe onse aja akudandaula za mawondo. Atalowa anayang'ana mapilo atatu, anayang'ana miyendo ya mnzangayo. Anakhala pa bedi, n'kumukhazika pambali pawo, kumbali ya khutu limene limamvako bwino.

"Mwanawe, uzimasulira zonse momwe ndanenera. Osafupikitsa. Iwe," anandiloza, "ugwire foni ndipo utseke pakamwa."

Pa foni panaoneka mayi wamng'ono thupi, wovala jekete lokhuthala, atakhala kuseri kwa kasitolo, makatoni ali mbali zonse. Ataona nkhope ziwiri zakuda pambali pa mwana wake anadzikonza tsitsi.

Amayi anayamba ndi moni. Osati moni wa kuno wongodutsa, moni wa kwathu. Mwadzuka bwanji, kunyumba kuli bwanji, malonda akuyenda bwanji, kukuzizira bwanji kumeneko. Mnzangayo ankamasulira, mayi uja ankayankha mwachidule, maso ali tcheru. Dzanja langa linayamba kutopa. Ndinkafuna kukuwa kuti tafikani pa nkhani.

"Uwauze kuti ndaimba kudzathokoza," anatero amayi. "Analera bwino. Mwana wawo amadyetsa mwana wanga, amene ndi wovuta, sadziwa kunena zikomo."

Mayi uja anaseka pang'ono, dzanja pakamwa.

"Uwauze kuti tsitsi ili ndi lokongola. Ndamva kuti analidikira."

Kuseka kunatha. Anayang'ana pambali. Ndinaganiza kuti adula. Amayi sanadikire.

"Uwauze kuti inenso ndinakhalapo m'chipatala ndi wodwala wanga, miyezi isanu. Ndinkagona pansi pa bedi, pa katoni, nsalu iyi ndi imene ndinkafunda. Uwafunse iwo ankagona pati."

Ndinayang'ana amayi. Ankanena za bambo anga, ndipo zimenezo sindinkazidziwa. Iwo sanandiyang'ane.

Yankho linabwera, ndipo mnzangayo anamasulira ndi mawu otsika.

"Akuti pa kampando kopinda. Usiku manesi ankawalola kuika mutu kumiyendo kwa bedi."

"Chakudya ankabweretsa ndani?"

"Akuti palibe. Kwawo kunali kutali, ulendo wa tsiku lonse pa sitima. Ankaphika phala la mpunga pa kambaula, kuseri kwa chipatala, pamodzi ndi amayi ena."

"Eya. Ifenso kuseri. Ndipo wina amakubera nkhuni."

"Akuti iwo ankaberana malasha."

Azimayi awiriwo anaseka, wina ku Rathmines, wina kutsidya la dziko. Mnzangayo ankamasulira nkhani ya moyo wake womwe, akuimva koyamba, ndipo mawu ake sankanjenjemera.

"Uwafunse ankachapira kuti."

"Akuti panali sinki imodzi kumapeto kwa khonde. Madzi ozizira. Manja ankang'ambika."

"Wanga ankatuluka thukuta usiku, mashiti ankachita kufinyidwa. Uwafunse wawo ankadetsa chiyani."

Apa mayi uja analankhula nthawi yaitali osaima. Ankaonetsa ndi manja, kanthu kozungulira, kenaka kuthamanga. Mnzangayo anayamba kumasulira, n'kuima, n'kuyambanso.

"Akuti matewera ndi timatawulo. Akuti tsiku lina anandiika botolo la madzi ofiira, ndipo nditakodza m'kapoti, mkodzo unali wofiira ngati madzi otsukira nyama. Ankaganiza kuti ndi magazi. Anathamanga khonde lonse kapoti kali m'manja, akulira, mpaka nesi anawagwira n'kuwauza kuti ndi mtundu wa mankhwala chabe."

Ndinatsegula pakamwa. Amayi anandiponda phazi.

"Pepani," anatero amayi, akuyang'ana pa foni. "Zimenezo zimaopsa. Uwafunse ngati ankazolowera, ulendo wachiwiri, wachitatu."

"Akuti sanazolowere. Ulendo uliwonse ankataya kathaulo, sankafuna kukaonanso, n'kugula kena. Anagula sikisi."

Sikisi. Ndinalemba pa dzanja langa ndi cholembera cha m'thumba la yunifolomu, ngati kuti ndingaiwale.

Amayi anagwira dzanja la mnzangayo n'kulikweza kuti lioneke pa foni.

"Uwauze chonchi. Ntchito yawo anaigwira, mwana anakula, ndi uyu. Chinthu chija sichinabwerere, ndipo palibe akuchiitana. Koma madzi ofiira aja anali amphamvu, anamenya nkhondo, ndipo pomenya anatopetsa mtima. Madokotala a kuno akufuna kuuthandiza. Akungofuna kudziwa kuti anamwa ochuluka bwanji. Ngati pali kapepala kalikonse, ngakhale kong'ambika."

Mnzangayo atamaliza kumasulira, mayi uja anadzuka n'kuchoka. Tinatsala tikuyang'ana makatoni ndi mpando wopanda munthu. Ndinati basi, tataya. Amayi anatsegula jumbo n'kutenga mandasi, n'kuyamba kudya.

Anabwerera ndi chitini cha makeke, chofiira, chadzimbiri m'mbali. Anachitsegula ndi mpeni. Munali mapepala opyapyala achikasu, omangidwa ndi ulusi, mulu wonse. Anamasula ulusiwo, n'kuyamba kuonetsa pa foni limodzilimodzi, atatembenuza nkhope kuti asawerenge. Ine ndinkajambula. Ena anali ofufutika, ena ankaoneka bwino, zilembo zawo ndi manambala, ndipo apa ndi apo dzina la mankhwala m'zilembo zimene ndimatha kuwerenga. Limodzi ndinalizindikira, la m'buku limene ndinasiya m'chaka chachiwiri. Pansi pa mapepala panali kachipewa koluka, kakang'ono ngati chibakera changa. Ako sanationetse, ndinangokaona akukabweza.

Dzina la matenda sanalitchule, kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Potseka chitini ananena mawu ochepa kwa mwana wake, ndipo iye sanamasulire. Amayi sanafunse. Anatsanzika monga anayambira, mwautali, mpaka batire linatsala pang'ono kutha.

Mawu ajawo mnzangayo anandiuza patapita masiku, tili pa nsanja yachiwiri tikupuma. Amayi ake anati, "Ndinkaganiza kuti ndikazisunga ine, sizikupeza iwe."

Mapepala aja tinawamasulira awiri, iye kuwerenga, ine kulemba, n'kupita nawo kwa dokotala wamaso otopa uja. Anawerengetsera mlingo wa mankhwalawo pa kapepala, n'kulemba kalata ife tili pomwepo. Sipanathe masabata awiri, madokotala a mtima anatiitana. Ndinakhala pakona m'chipinda chamdima, ndikuona mtima wake pa kanema, ukutseguka ndi kutseka ngati dzanja la munthu wotopa. Anati ukupopa mofooka, koma tabwera nthawi idakalipo.

Sanachire, ndipo ndimadana ndi anthu amene amandifunsa ngati anachira. Amamwa mapilitsi m'mawa ndi madzulo, ndipo azimwa moyo wake wonse. Mchere anachepetsa, zimene kwa iye ndi maliro. Anamuuza kuti akadzafuna mwana ayambe wakambirana nawo, ndipo tsiku limenelo sanafune kuti ndimuperekeze pobwerera. Chaka chilichonse amamuunika mtima, impso, chiwindi, makutu. Koma miyendo inaphwa, nsapato zinalowa, mapilo anatsala awiri. Anamupatsanso timakina ta m'makutu. Sabata yoyamba anandiimbira kudandaula.

"Asisi, mbalame zimenezi zimachita chonchi tsiku lililonse?"

"Tsiku lililonse."

"Ndipo inu mumangozisiya?"

Nyumba ija inagulitsidwa. Iye anapeza chipinda chapansi ku Skerries, kwa mayi wina amene ankamukonza zikhadabo, chopanda sitepe ngakhale imodzi, koma chodzaza phokoso la mbalame za kunyanja. Ndi kutali, amakwera sitima. Tsiku lounika mtima timakumana pasiteshoni, ine ndimasintha shifiti. Pa fomu ya kuchipatala, pofunsa wachibale woti aimbiridwe, analemba nambala yanga. Pofunsa ubale analemba kuti gadiyani. Mayi wa pa tebulo anafuna kukonza, iye anakana. Amayi ake tsopano amafunsa ngati wamwa mapilitsi asanafunse ngati wadya. Tizipatso tofiira tija amatumizabe, ndipo paketi imodzi imakhala ya amayi anga.

Ine ndinabwerera ku Ballymun ndi majumbo anayi. Sukulu sindinabwerere, tisanamizane. Bedi linalidi pomwe ndinalisiya. Milungu ingapo tinkangodutsana, iwo kushifiti, ine kushifiti. Loweruka lina masana tinapezeka tonse m'khitchini, iwo akutulutsa zovala m'makina, ine ndikufuna shuga. Ndinasuntha paketi, botolo la mapilitsi lili pomwepo. Sindinalibise monga ndinkachitira. Ndinalitulutsa n'kuliika patebulo, pafupi ndi makapu.

Analiona. Anapitiriza kukung'untha pilokesi.

"Amayi," ndinatero, "kupatula mashiti, munkachapanso chiyani?"

Anandipatsa nsonga ziwiri za shiti kuti ndigwire, iwo n'kugwira zinazo, n'kubwerera m'mbuyo mpaka inakungika.

"Malaya ake oyera," anatero. "Sankatha kudzuka, koma Lamulungu lililonse ankafuna avale malaya oyera, ositidwa, chifukwa ndi tsiku limene ankakubweretsa kudzamuona. Gwira bwino, ikukhudza pansi."